Kalata yotseguka: dzina la Lord Lugard linatha mu 1945, koma lamulo lake la mafumu tikuligwiritsabe ntchito

Kwa Olemekezeka a Nduna oona za maboma aang'ono ndi mafumu, a Nduna oona za maphunziro, aphungu a Nyumba ya Malamulo, ndi akuluakulu osunga mbiri ya dziko lino,

Landirani moni, mabwana ndi madona. Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho mundilole ndilankhule momasuka.

Pa 11 Epulo 1945, m'mudzi wa Abinger m'dera la Surrey ku England, munamwalira nkhalamba ya zaka 87 dzina lake Frederick Lugard. Tsiku lomwelo linathanso dzina laulemu limene Mfumu George V inamupatsa mu 1928, lakuti Baron Lugard wa ku Abinger. Mwambo wa Angerezi ndi wakuti dzina lotere limatsikira kwa mwana wamwamuna wa mwini dzinalo. Lugard ndi mkazi wake Flora Shaw analibe mwana. Mng'ono wake Edward, yemwe anagwira naye ntchito ku Africa, anali moyo, koma kalata yopereka ulemuwo sinkalola kuti mng'ono alowe. Baron Lugard anakhalapo mmodzi yekha, kwa zaka 17, ndipo mpando wake ku House of Lords, nyumba yapamwamba ya malamulo ya ku Britain, unatsekedwa mpaka kalekale. Kwathu kuno zotere sizikanatheka. Dzina la ufumu siliikidwa m'manda limodzi ndi mwini wake. Akuluakulu a mbumba amakhala pansi, n'kuloza mphwake, mng'ono wake kapena mwana wake malinga ndi mwambo wa mtunduwo, dzina n'kupitirira.

Ndakulemberani za mzungu ameneyu pa zifukwa ziwiri. Anakhetsa magazi ake pa nthaka ya ku Karonga asanatchuke kulikonse. Ndipo njira imene anaikonza ku Nigeria yolamulira anthu kudzera mwa mafumu awo inafika kuno mu 1933, n'kukhazikika, moti mbali yake yoipitsitsa ikadali m'lamulo limene inu a Nduna mumagwiritsa ntchito pokweza ndi kutsitsa mafumu athu.

Ndiyambe ndi Karonga, chifukwa ambiri tikamva dzina la Lugard timangoganiza za Nigeria.

M'zaka za m'ma 1880, kampani ya African Lakes, imene ife timaidziwa kuti Mandala, inali ndi sitolo ku Karonga, pamene pankayambira msewu wa Stevenson wopita ku nyanja ya Tanganyika. Woyang'anira sitoloyo anali Monteith Fotheringham. Pafupi pomwepo, ku Mpata m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru, Mswahili wina wamalonda, Mlozi, anamanga linga, ndipo anzake Kopakopa ndi Msalemu anamanganso awo. Poyamba Mlozi ndi a Mandala sanali adani. Ankagulitsana minyanga ya njovu. Koma mu 1887 Mlozi anayamba kudzitcha sulutani wa dziko la Angonde, n'kuyamba kuotcha midzi ndi kugwira anthu ukapolo. Chakumapeto kwa chaka chimenecho, Angonde ambiri anathawira m'mabango a dambo la Kambwe. Mabangowo anayatsidwa moto. Othawa moto ankabayidwa, othawira m'madzi ankagwidwa ndi ng'ona. Sitolo ya Mandala nayo inazingidwa mpaka pamene Anyakyusa zikwi zingapo anatsika kuchokera kumpoto kudzaiombola.

Lugard anafika nkhondoyi ili mkati, mu 1888. Anali kaputeni wa zaka 30, wobadwira ku Madras ku India, ndipo anali atamenyako nkhondo ku Afghanistan, ku Sudan ndi ku Burma. Sanatumidwe ndi boma lake. Anali pa tchuthi cha usilikali, mtima utasweka pa nkhani ya chikondi, akungofunafuna kumene kunali zoopsa. A Mandala atamva kuti kwabwera msilikali wodziwa ntchito, anamupatsa utsogoleri wa gulu lawo: azungu ochepa ndi anthu akuda mazana angapo, ambiri mwa iwo Atonga. Mu Juni 1888 anatsogolera gululi usiku kukazinga linga la Kopakopa. M'bandakucha, akukwera khoma la lingalo patsogolo pa anzake, anaomberedwa chapafupi. Chipolopolo chimodzi chinalowa mkono wamanja, kudutsa pachifuwa, n'kukaphwanya mkono wamanzere. Gulu lake linabwerera osalanda lingalo. Lugard anachira, anayesanso ndi mzinga umene unabwera pambuyo pake, koma malinga adothi aja sanagwe. Anachoka kumayambiriro kwa 1889 nkhondo isanathe. Harry Johnston, woimira boma la Britain, ndiye anadzapangana mtendere ndi Mlozi mu Okutobala 1889, ndipo ndi yemweyo anadzaphwasula Mpata mu Disembala 1895, Mlozi n'kupachikidwa.

Sindikufuna kumulanda Lugard zimene anachita bwino. Mlozi ankagulitsadi anthu, ndipo amene anaima patsogolo pa mfuti zake, pa chifukwa chilichonse, anathandiza kuti malonda onyansawo athe. Koma nkhani yonse ikakambidwa, imaonetsa zambiri kuposa mzungu wolimba mtima. Kampani imene ankaimenyera nkhondo inkateteza njira yake ya malonda. Ahenga ena, amene anali atathawa Angoni, anamenya kumbali ya Mlozi. Amene anafa ambiri anali Angonde, ndipo amene ananyamula mfuti ndi katundu anali Atonga, Angonde ndi Amambwe. Lugard mwini atabwerera kwawo anagwiritsa ntchito zipsera zakezo polemba ndi kulankhula kuti Britain itenge dziko la m'mbali mwa nyanjayi, ndipo mu 1891 linatengedwadi.

Za zaka zotsatira ndingodutsamo. Ku Uganda, pakati pa 1890 ndi 1892, anagwirira ntchito kampani ina ya Angerezi, ndipo pa nkhondo ya ku Mengo mu Januwale 1892 anaika mfuti yachiwaya ya Maxim kumbali ya Aprotesitanti a Chiganda polimbana ndi Akatolika. Mu 1894 anali ku Borgu, kumadzulo kwa Africa, kuthamangitsana ndi Afalansa pa mapangano ndi mafumu. Kuyambira 1907 mpaka 1912 anali bwanamkubwa wa Hong Kong, kumene anayambitsa yunivesite ya kumeneko mu 1911. Pa 1 Januwale 1914 analumikiza kumpoto ndi kummwera kwa Nigeria kukhala dziko limodzi, ndipo analilamulira mpaka 1919. Dzina lenilenilo lakuti Nigeria analiganiza ndi Flora Shaw, mu nkhani imene analemba m'nyuzipepala ya The Times mu 1897, asanakwatirane.

Pamene ndikufuna muimepo ndi pa Sokoto, mu Malichi 1903.

Lugard anali mkulu wa boma la Angerezi kumpoto kwa Nigeria kuyambira 1900. Dziko linali lalikulu, anthu mamiliyoni, koma azungu ogwira ntchito ya boma anali ochepa kwambiri, ndalama nazonso zochepa. Kumeneko anapeza maufumu a Afulani okhala ndi makhoti awo, okhometsa msonkho awo ndi alembi awo. Atagonjetsa Kano mu Febuluwale ndi Sokoto mwezi wotsatira, sanathetse maufumuwo. Anasonkhanitsa akuluakulu a Sokoto n'kuwauza, kudzera mwa womasulira, kuti monga Afulani anatenga dzikolo ndi nkhondo, tsopano mphamvu zonse zimene anali nazo zapita kwa Angerezi: mphamvu yolonga ndi kuchotsa mafumu, yokhometsa msonkho, ndi ya pa nthaka. Anthu apitirize kusankha mfumu monga mwa mwambo wawo, koma wosankhidwayo sakhala mfumu mpaka bwanamkubwa atavomereza. Akavomereza, ankamulumbiritsa, kumupatsa kalata ndi ndodo ya ufumu. Sulutani Attahiru, amene anakana zimenezi, anaphedwa ku Burmi mu Julaye chaka chomwecho.

Ubwino wa njirayi kwa atsamunda unaoneka mu 1906. Anthu wamba a m'mudzi wa Satiru pafupi ndi Sokoto anaukira, atanyamula makasu ndi nkhwangwa, n'kupha azungu atatu ndi asilikali angapo. Sulutani watsopano, wolongedwa ndi Lugard uja, sanaime ndi anthuwo. Anaima ndi amene anamupatsa ndodo. Asilikali anapita kukafafaniza mudziwo, anthu pafupifupi 2,000 anaphedwa, ndipo Satiru sanamangidwenso. Mfumu ikadziwa kuti mpando wake uli m'manja mwa munthu wina wapamwamba, pa tsiku la mavuto imayang'ana kumwamba, osati kwa anthu ake.

Atapuma ntchito, Lugard analemba buku lotchedwa The Dual Mandate in British Tropical Africa, limene linatuluka mu 1922 n'kusanduka buku lophunzirira achinyamata onse opita kukakhala ma DC ku Africa. Anakhalanso zaka zambiri mu komiti ya League of Nations, bungwe la maiko la nthawi imeneyo, yoyang'anira maiko amene analandidwa kwa Ajeremani. Ulemu wa 1928 uja unali mphoto ya ntchito imeneyi. Donald Cameron, amene anagwira ntchito pansi pake ku Nigeria, anatengera njirayi ku Tanganyika mu 1925. Kuno kwathu, boma la atsamunda linali litayamba kale mu 1912 kusankha mafumu ena n'kuwaika pamwamba pa anzawo kuti azithandiza bwana DC. Koma mu 1933, pa nthawi ya bwanamkubwa Hubert Young, panakhazikitsidwa malamulo awiri, la Native Authority (N.A.) ndi la makhoti a mafumu. Kuyambira pamenepo mfumu yovomerezedwa ndi boma inali ndi dera lolembedwa pa mapu, khoti, mlembi, amesenjala ndi malipiro. Ntchito yake inali kuonetsetsa kuti msonkho wa nyumba watoleredwa, bata lilipo, ndipo malamulo a boma akutsatidwa. T/A wa lero ndi mdzukulu wa N.A. wa 1933.

Ndisamveke molakwa. Sindikunena kuti ufumu unabwera ndi azungu. Kalonga, Undi, Lundu, Kyungu, Chikulamayembe, M'mbelwa ndi Chikuse, bambo wa Gomani I, analipo Lugard asanaponde kuno, ena mwa iwo zaka mazanamazana m'mbuyomo. Chimene chinabwera ndi atsamunda ndi chingwe chomangirira ufumu ku boma. Kale mfumu ikapondereza anthu, anthu ankasamuka n'kuisiya yokha ndi bwalo lake, kapena akuluakulu amene anailonga ankaiitana kuseri n'kuidzudzula, ikakanika n'kuivula. Mphamvu imeneyo inachotsedwa kwa mbumba n'kupita ku Zomba. Kumene mwambo sunkagwirizana ndi mapu a boma, boma linkapanga mafumu akeake. Kummwera chakum'mawa kwa Nigeria, kumene Aigbo ambiri analibe mafumu akuluakulu, Angerezi anangopatsa anthu ena makalata a ufumu, ndipo mapeto ake anali kuukira kwa amayi a ku Aba mu 1929.

Ife chitsanzo chathu ndi Inkosi Gomani II, Philip Gomani wa ku Ntcheu. Kwa zaka zambiri boma la atsamunda linkamutama kuti ndi mfumu yachitukuko. Mu 1953, pamene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkakakamizidwa pa anthu amene anali atachikana poyera, Gomani anauza anthu ake kuti asiye kutsatira malamulo a malimidwe posonyeza kukwiya kwawo. Boma la bwanamkubwa Geoffrey Colby linamuuza kuti abweze mawuwo. Anakana. Anamuimitsa pa ufumu, n'kutumiza apolisi ku Lizulu kuti akamuchotse m'dera lake, iye ali wodwala. Anthu anatchinga, Gomani n'kuthawira ku Mozambique, koma Apwitikizi anamubweza. Anamwalira mu 1954 asanabwerere pampando. Bambo ake, Gomani I, anaphedwa ndi Angerezi mu 1896 ndi mfuti. Kwa mwana wawo mfuti sinafunike, kalata yokha inakwana.

Titalandira ufulu mu 1964 tinatsitsa mbendera ya Angerezi, koma chingwe chija sitinachidule. Tinangochisamutsa kuchoka m'manja mwa bwanamkubwa kupita m'manja mwa Pulezidenti. Lamulo la mafumu la 1967, limene likugwirabe ntchito, limapatsa Pulezidenti mphamvu yovomereza mfumu yaikulu, Senior Chief, T/A ndi Sub T/A. Limanenadi kuti munthuyo akhale woyenera mwa mwambo ndiponso wofunidwa ndi anthu a m'deralo, koma woweruza ngati zimenezo zakwaniritsidwa ndi Pulezidenti yemweyo. Limamulolanso kuchotsa mfumu akaona kuti kutero n'kofunika pa bata ndi ulamuliro wabwino. Muwerenge mawu amenewo, kenaka mukumbukire zimene Lugard ananena ku Sokoto, muone ngati pali kusiyana kwenikweni. Makhoti a mafumu nawo tinaona kumene anakafika. Mu 1969 anapatsidwa mphamvu yozenga milandu ya imfa, popanda loya woimira wozengedwa. Ndi khoti lotere limene linagamula Albert Muwalo kuti aphedwe, ndiponso Orton ndi Vera Chirwa mu 1983. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anayesa kupatsa mafumu malo awoawo mu Senate, nyumba yachiwiri ya malamulo, kumene akanasankhana okhaokha m'boma lililonse, koma nyumbayo inachotsedwa m'malamulo mu 2001 isanakhalepo n'komwe.

Ndinakhalapo pa mwambo wokweza mfumu ina, dera sinditchula. Anthu anafika m'mamawa, amayi atavala nsalu yofanana, gule ali pakati. Akuluakulu a banja lachifumu, amene amadziwa mzere wonse wa amene analowapo dzinalo, anawakhazika pa mabenchi a kusukulu kumbuyo kwa tenti, dzuwa likuwaomba. Mipando ya kutsogolo inali ya alendo ochokera ku tawuni. Mwambo sunayambe mpaka galimoto za boma zitafika masana. Kalata inawerengedwa, mkanjo unavekedwa, nthungululu zinamveka. Ndiye mfumu yatsopanoyo inapatsidwa maikolofoni. Mawu ake oyamba sanali kwa makolo kapena kwa anthu ake. Inathokoza boma, n'kulonjeza kuti dera lake lonse lili pambuyo pa boma lomwelo. Gogo wina amene ndinakhala naye pafupi anangoti, "Aa, ayamba kale kubweza ngongole." Sindinaiimbe mlandu mfumuyo. Inkadziwa amene wasaina kalata, ndi amene angasainenso ina.

Si ife tokha. Ku Kano komwe Lugard anagonjetsa, bwanamkubwa wa chigawocho, Abdullahi Ganduje, anachotsa mfumu yaikulu ya kumeneko, Emir Muhammadu Sanusi II, mu Malichi 2020 pomunena kuti ndi wosamvera boma, n'kumuthamangitsira kudera lina. Mu Meyi 2024 bwanamkubwa wa chipani china anamubwezera pampando. Agogo ake a Sanusi nawo anachotsedwa ndi boma mu 1963. Ufumu wa zaka mazanamazana ukusintha mwini malinga ndi amene wapambana chisankho. Angerezi eni ake, mu 1999, anachotsa ku House of Lords ambiri mwa amene ankakhalamo chifukwa chobadwa nalo dzina, n'kusiya 92 okha. Iwo akukonza zawo, ife tikusunga zimene anatisiyira ngati kuti ndi mwambo wa makolo.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe, ndipo n'chomveka. Mikangano ya ufumu yachuluka, mabanja akukokerana ku makhoti, ena akugula unyakwawa ndi mbuzi, midzi ikugawidwa kuti mayina achuluke pa mndandanda wa mswahala ndi wa makuponi. Payenera kukhala wina woweruza, ndipo mfumu yogulitsa malo a anthu kapena yodya ziphuphu iyenera kuchotsedwa. Ndikuvomera. Funso langa ndi lakuti wochotsayo akhale ndani. Munthu amene mawa adzafuna mavoti a dera lomwelo sangakhale woweruza wabwino wa mfumu ya deralo, ngakhale atakhala woongoka mtima chotani. Mafumu amene achita zazikulu m'dziko muno, monga malemu Senior Chief Kachindamoto wa ku Dedza amene anathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera atsikana kusukulu, anatero chifukwa anthu awo ankawamvera, osati chifukwa cha kalata ya ku Lilongwe. Mphamvu yotere ndi imene lamulo liyenera kuteteza.

Pempho langa kwa inu a Nduna a maboma aang'ono ndi aphungu ndi lakuti lamulo la 1967 libwerere ku Nyumba ya Malamulo. Mphamvu yovomereza, kukweza ndi kuchotsa mafumu ichoke kwa munthu mmodzi, ipite ku bungwe loima palokha, lokhala ndi mafumu osankhidwa ndi mafumu anzawo, woweruza milandu wopuma, ndi anthu odziwa miyambo ya mitundu yathu, amayi ali momwemo. Pulezidenti azingosaina zimene bungwelo lagamula. Zoyenereza kuti gulupu akhale Sub T/A, kapena T/A akhale Senior Chief, zilembedwe poyera kuti aliyense aziwerenge: kukula kwa dera, chiwerengero cha anthu, mbiri ya ufumuwo. Mfumu isanachotsedwe, imve mlandu wake, iyankhe, ndipo ikhale ndi mwayi wochita apilo. Ndipo pasakhale kukweza mfumu kapena kulengeza za mswahala m'miyezi yoyandikira chisankho. Mswahala ukwere kudzera mu bajeti monga malipiro ena onse, osati pa nsanja ya msonkhano.

Kwa inu a maphunziro, pempho langa ndi lopepuka. Mwana akamaphunzira za nkhondo ya ku Karonga, auzidwe kuti kaputeni amene anaomberedwa pa linga la Kopakopa ndi yemweyo amene maganizo ake anabala malamulo a 1933. Akamaphunzira za Gomani II, aone pambali pake mawu a lamulo la 1967, n'kufunsidwa kuti chasintha n'chiyani. Limenelo ndi funso la mayeso labwino kuposa kuloweza mayina a abwanamkubwa. Ana ambiri m'kalasimo ndi adzukulu a anyakwawa, ndipo ena adzalowa mayina amenewo.

Inu osunga mbiri, muli kale ndi poyambira, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga imene inatsegulidwa mu 2004, ija ili ndi mafupa a chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus. Lugard ali ndi msewu wa dzina lake pa phiri la Victoria Peak ku Hong Kong, holo ku Kaduna, ndi mathithi ku Tsavo m'dziko la Kenya. Sindikupempha kuti timuonjezere china. Ndikupempha kuti mutumize ofufuza ku Mpata, ku Kambwe ndi m'midzi ya kwa Kyungu akajambule zimene nkhalamba zinamva kwa agogo awo za nkhondo ya Mlozi, apitenso ku Nkhata Bay akafunse mabanja a Atonga amene makolo awo anakwera sitima kupita kukamenya nkhondoyo. Mayina amene apezeke alembedwe pa zikwangwani pa malo pomwepo, m'Kyangonde, m'Chitumbuka, m'Chitonga ndi m'Chichewa, ndipo zojambulazo zisungidwe ku National Archives ku Zomba kuti aphunzitsi azitha kuzipeza.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma wa mbiri yakale